A Nachisale, Namkungwi Amene Anakana Tsempho

Pamaliro pa a Nachisale mkulu wa mpingo anaimirira, nakonza tayi, n'kunena kuti malemuwa anali mayi ofatsa, osadziwa kukangana ndi munthu. Ine ndinali pakati pa amayi kuseri kwa nyumba ya siwa, ndipo ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisayankhe. Ofatsa ake ati? Ndakhala pa poloti pawo ku Chinsapo kuno kuyambira chaka cha njala chija, khomo langa likuyang'anana ndi lawo, ndipo sindikumbukira sabata imene inatha ndisanawamve akulalatira munthu. Kunamizira munthu wamoyo n'koipa, koma kunamizira amene ali m'bokosi, podziwa kuti sadzuka kudzakutsutsa, ndi mantha enieni. Ena mwa amene ankaimba mokweza tsiku limenelo ndi omwe aja ankawanena mayiwa kuti ndi othetsa mabanja. Choncho ndati ndilembe ndekha zimene ndinaona ndi maso angawa.

Anali mayi aafupi, ojintcha, oyenda ngati basi ikuwasiya. Nyumba za lendi zili pa polotipa anazimanga okha ndi geni ya nyemba ndi mtedza, ndipo ife okhalamo ankatilamulira ngati anatibereka. Ukayanika zovala pa chingwe chawo osapempha, unkazipeza pansi. Ine anandinena pagulu kuti ndine mlesi chifukwa ndinasesa pakhomo dzuwa litatuluka kale, ndipo sitinalankhulane mpaka Lamulungu. Sindikuwayeretsa ayi. Nthawi zambiri ankalakwa, ndipo kupepesa sankakudziwa. Akazindikira kuti alakwa ankangokutumizira mbale ya mtedza, nkhani yathera pomwepo.

Koma chimene anthu a kuno ankawadziwira kwambiri ndi manja a ana. Pa mzere wa madzi kumpopi ankangofika n'kumasula khanda kumsana kwa mayi wake, moni n'kubwera pambuyo. Ankatambasula tizala, kutisinika pang'ono, kuyang'ana zikhato ngati zayera, kukoka chikope kuti aone ngati maso achita chikasu, kenako kupapasa kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, kufuna kudziwa ngati kapamba wakula. Amayi achilendo ankachita mantha, ena ankatukwana. Iwo analibe nazo ntchito. Ankati khanda lilibe mawu, choncho mayi aphunzire kufunsa zala zake. Ankatinso mwana akatentha thupi ndiwo zipserere pamoto, iwe nyamuka. Akakupeza ukusambitsa mwana madzi ozizira m'mawa wa mwezi wa Juni, unkamva zako. Bambo wina pafupi ndi chigayo anatchinga anapiye ake ndi neti ya udzudzu, ana ake akugona pamtetete, ndipo a Nachisale anakaizula netiyo okha, anapiye n'kubalalika. M'busa wina wa katchalitchi ka malata anamupeza akupempherera mwana wotentha thupi m'nyumba, namuuza kuti pemphero lake akalitsirizire m'minibasi.

Mphamvu zawo zinali apa: anali namkungwi. Ankalanga atsikana akatha msinkhu, ankalanga akwati, ankalanga a mimba yoyamba. Mwana akabadwa, makolo amayenera kudikira miyezi ingapo osakhalira pamodzi, ndipo ndi namkungwi amene amadzawauza kuti nthawi yakwana yotengera mwana kumphasa. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti bambo kapena mayi akayenda panja pa nthawi imeneyi, mwana amatupa manja ndi mapazi, ndipo limenelo ndi tsempho. Dokotala akati si tsempho, anthu amagwedeza mutu mwaulemu, akatuluka panja n'kunena kuti za chikuda iye sazidziwa. Koma namkungwi akati si tsempho, amene angamutsutse ndani?

Nkhani imene inawapatsa dzina loipa ndi ya Esinati. Esinati anali mtsikana wochokera ku Thyolo, wogulitsa tomato kumsika, woseka ndi aliyense. Anakwatiwa ndi Lakisoni, dalaivala wa lole yonyamula fodya kupita ku Kanengo, ndipo ankakhala mapoloti angapo kumunsi kwathu. Mwana wawo woyamba anali wamkazi, dzina lake Tadala. Atangomutengera kumphasa, pasanapite nthawi, tizala ta Tadala tinatupa ngati tinthochi, mapazi chimodzimodzi, ndipo ukangomukhudza ankalira mpaka mawu kutha.

Amayi ake a Lakisoni anafika kuchokera ku Kawale tsiku lomwelo, ndipo sanachedwe. Ankadziwa bwino kuti pa nkhani ya tsempho munthu woyamba kumuganizira ndi mwamuna wogona m'misewu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho anayamba ndi iwo kuloza chala. Mpongozi wawo ankachedwa kumsika, ankaseka kwambiri ndi makasitomala, kwawo n'kutali, ndani akudziwa makhalidwe a kumeneko? Mwanayo anamutengera kwa sing'anga wina, amene anamutema mphini pa timanja totupato n'kupakapo zakuda. Sing'angayo ananena kuti mankhwala ake sagwira ntchito mpaka wolakwayo aulule. Zopita kuchipatala apongoziwo analetsa, akuti mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafa. Anaitanitsa ankhoswe kuti adzakhale pansi Loweruka masana, ndipo anaitananso a Nachisale, poti ndiwo analanga banjali, kuti adzathandize kumufinya mtsikanayo.

Lachisanu lake ndinakumana ndi Esinati kumpopi, maso atatupa. Anandiuza motsitsa mawu kuti waganiza zovomera. Sanayendepo ndi mwamuna wina aliyense, anatero, koma ngati mankhwala akudikira mawu ake, iye anena kuti anagona ndi munthu wina wodutsa, bola Tadala achire. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake ndimapsa mtima. Mtsikana wosalakwa anali atakonza kale bodza lodziphera yekha, n'kumaliyeseza mumtima ngati vesi la ku Sande sukulu. Nditawauza a Nachisale, ndinkayembekeza kuti alalata monga mwa masiku onse. Sanatero. Anangomanga kanthu pa mfundo ya chitenje chawo.

Loweruka ndinawaperekeza. Pabwalo pa nyumba ya Lakisoni anayala mikeka, amuna ali pa mipando. Ku mbali ya Lakisoni kunali amayi ake ndi amalume ake. Ku mbali ya Esinati kunali msuweni wake wina wa ku Area 23, amene ankangoyang'ana nsapato zake, kufuna kuti nkhani ithe msanga. Lakisoni mwini wake anakhala pakona, akuseweretsa makiyi.

"Mayi, mwanayu munamulanga ndinu," anatero amayi ake a Lakisoni. "Muuzeni aulule. Mdzukulu wanga asafe chifukwa cha manyazi a mayi wake."

Esinati anagwada, Tadala ali m'manja, nayamba kunena kuti amayi, ndalakwa ine.

"Tseka pakamwa pako, mwana iwe," anatero a Nachisale. "Mawu amenewo ndinawanenapo ine, nditagwada ngati iwe, ndipo mwana wanga anafa ndithu."

Palibe amene ankaidziwa nkhani imeneyi, ngakhale ine amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku. Kumudzi kwawo, cha ku Mitundu, anakwatiwa ali aang'ono n'kupita ku chitengwa, kukakhala kwa amuna awo. Anabereka ana anayi. Woyamba anatupa manja, namwalira asanayambe kuyenda. Wachiwiri, wamkazi, anakula bwinobwino. Wachitatu anatupa, namwalira. Wachinayi atayamba kutupa, akuchimuna anawakhazika pamphasa, nawauza kuti mankhwala akudikira mawu awo. Anavomera chigololo chimene sanachite, natchula wogula fodya wina amene sanakhalepo n'komwe. Mwanayo anamwalira mankhwala ali kukamwa, ndipo iwo anabwezedwa kwawo ndi mwana mmodzi wotsalayo, ndi dzina la mkazi woyendayenda. Ndi dzina limenelo limene linawathamangitsira m'tauni.

Choipa kwambiri n'chakuti m'kupita kwa zaka anayamba kukhulupirira kuti analakwadi penapake, mwina anathira mchere m'ndiwo pa masiku osayenera. Atakhala namkungwi kuno, nawonso anakhazikapo atsikana pamphasa n'kuwauza kuti aulule. Ankati nkhope zawo amazikumbukira zonse. Zinasintha pamene mwana wawo wamkazi uja anabereka mwana wamwamuna, iyenso n'kutupa tizala. Mkamwini wawo sanafunse munthu, anangonyamula mwana ulendo ku chipatala chachikulu. Kumeneko anayeza magazi, nati ndi sikoselo, matenda amene mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Namwino wa ku wodi ya ana anawafunsa a Nachisale ngati pa mtundu pawo panakhalapo ana omwalira ali aang'ono atatupa manja. Iwo anakhala pansi pa simenti pomwepo, nalira ngati maliro atatu aja achitika tsiku lomwelo. Atatha kulira anamugwira namwinoyo mkono, osamusiya mpaka atawafotokozera zonse, kubwereza ndi kubwereza.

Pabwalo paja, atamaliza kunena zimenezi, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa nyemba zinayi, ziwiri zoyera, ziwiri zofiira. Anaitanitsa makapu awiri. M'kapu imodzi anaikamo yoyera ndi yofiira, nati uyu ndi Lakisoni. M'kapu inayo anachita chimodzimodzi, nati uyu ndi Esinati. Munthu aliyense, anatero, ali ndi mbewu ziwiri za magazi, ina ya kwa bambo ake, ina ya kwa mayi ake, ndipo kwa mwana amapereka imodzi yokha, osasankha. Amene ali ndi yofiira imodzi sadwala. Amayendetsa lole, amagulitsa tomato, sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Koma mwana akatola yofiira kuno ndi yofiiranso uko, ameneyo ndiye amadwala. Magazi ake amapindika ngati chikwakwa, amatsekeka m'timitsempha ta zala, zala n'kutupa, ndipo ululu wake ndi umene ukumuliza Tadalayu.

Anawauza amalume ake a Lakisoni kuti atsinzine, atole nyemba imodzi m'kapu iliyonse. Mkuluyo anatola monyinyirika. Nthawi iliyonse akatola, a Nachisale ankabwezera nyembazo m'makapu, n'kunena kuti mimba sikumbukira zimene zinachitika pa mimba inzake. Pa mimba iliyonse, mwa njira zinayi, imodzi ndi ya matendawa. Ana anayi atha kubadwa onse abwino, ndipo atatu atha kudwala monga anachitira awo. Anafotokozanso chimene chinatipusitsa tonse kuyambira kalekale. Magazi amene khanda limabadwa nawo amaliteteza miyezi yoyambirira. Akayamba kutha, mwana ali cha pa theka la chaka, m'pamene kutupa kumaonekera. Imeneyo ndi nthawi yomwe anamkungwi amakhala atangouza makolo kuti amutengere mwana kumphasa. Ziwirizi zimangokumana panjira, ife n'kumati china chabereka chinzake.

Kenako anamulanda Esinati mwanayo, namubereka kumsana kwawo, nalunjika kugeti. Amayi ake a Lakisoni anaima pakati pa njira.

"Akakamubaya jakisoni n'kufa, mlandu ukhala wa ndani?"

"Wanga," anatero a Nachisale. "Ndasenzapo kale atatu. Sunthani."

Tadala anamugoneka ku wodi ya ana. Anamupatsa madzi a m'diripi, mankhwala oletsa ululu, ndipo magazi anali atachepa kwambiri moti anachita kumuwonjezera. Atayeza anapeza kuti ndi sikoselo. Koma a Nachisale sanakhutire, chifukwa ankadziwa kuti akuchimuna angosintha nyimbo n'kunena kuti magazi oipa ndi a ku Thyolo. Anamulondalonda Lakisoni mpaka kumalo koimika malole, nakhala pa bampala ya lole yake pamaso pa madalaivala anzake, nati sachokapo mpaka akayezetse. Anakayezetsa chifukwa cha manyazi. Onse awiri, iye ndi Esinati, anapezeka ali nayo mbewu ija.

Ine ndinasangalala, ndinkati nkhani yatha. Kupusa kwanga. Patapita masiku, amayi ake a Lakisoni anabwera pa poloti pathu, aulemu kuposa kale, atanyamula kathumba ka shuga. Anakhala pakhonde, nafunsa za umoyo, kenako anafunsa mofatsa kuti kodi Lakisoni akanakwatira mkazi wa nyemba zoyera zokhazokha, ana ake akanadwala? A Nachisale anayankha zoona, kuti ayi, sakanadwala. Anawonjezera kuti zimenezo sizioneka pankhope, munthu amayenera kuyezetsa kaye. Mlendoyo anathokoza, nanyamuka ndi theka loyamba la yankholo, theka linalo n'kulisiya pakhonde pomwepo.

Chaka chisanathe ukwati unatha. Sanamunenenso Esinati kuti ndi woyendayenda, ayi. Tsopano ankati magazi a awiriwa sagwirizana, anena ndi achipatala, anenanso ndi namkungwi. Taonani nkhanza zake. Nzeru zomwe zinapulumutsa mwana anazisandutsa chikwanje chodulira mayi wake. Lakisoni, bambo wamkulu wa ndevu zake, sanamuikire kumbuyo mkazi wake. Ananyamula wailesi ndi matilesi, napita ku Kawale kwa amayi ake, mwana wodwala n'kumusiya pamkeka.

Ndipo mlandu wonse unagwera a Nachisale. Kumpopi anthu ankanong'onezana kuti akanangosiya mtsikanayo avomere, akanamukhululukira, banja likanakhalapo. Mabanja ena anasiya kuwaitana kukalanga ana awo. Ku zilangizo za akwati kumpingo anayamba kuwadumpha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti Tadala akanafa. A Nachisale anatenga Esinati ndi mwana wake n'kuwapatsa chipinda cha kuseri, ndipo amene anayerekeza kufunsa chifukwa chake anamva zosayembekezera. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde anandiuza kuti dzina la mtsikanayo analiwombola, koma nyumba yake anaigwetsa ndi pakamwa pawo. Anati ngakhale atawafunsanso funso lija angayankhe chimodzimodzi, chifukwa bodza linawadya kale kamodzi.

Atamva kuti Lakisoni wapeza mkazi wina, anakwera minibasi mpaka ku Kawale kukachenjeza kuti mtsikanayo akayezetse ukwati usanachitike. Sanawalole ngakhale kulowa pageti. Anawauza kuti mkwatiyo ndi wonenepa, wa khungu losalala, kwawo kulibe odwaladwala, ndipo iwo atumidwa ndi nsanje ya Esinati. Anabwerako atatopa, natukwana njira yonse kuyambira pa siteji mpaka pakhomo.

Tadala analeredwa ndi awiriwa, ndipo kulera mwana wa sikoselo si masewera. Juzi m'mawa ndi madzulo, botolo la madzi akumwa kulikonse kumene wapita, timapilitsi ta tsiku ndi tsiku, neti osaphonya, ku kiliniki tsiku lake likakwana ngakhale kugwe mvula ya matalala. Thupi likangofunda, geni yonse inkaima. Ululu ukamugwira m'miyendo a Nachisale ankamufunditsa ndi nsalu zotentha, n'kumamukalipira Mulungu mokweza ngati mnzawo wa pa poloti. Chaka chino Tadala wayamba Sitandade 1. Ndi wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, koma pakamwa ndiye anatengera kwa amene anamulera.

A Nachisale anagwa ali pa mzere wa madzi, ndowa ili m'manja. Achipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anagona masiku ochepa osalankhula, zimene kwa munthu ngati iwo zinali chilango chachikulu kuposa imfa. Titaika maliro, mwana wawo uja, amene amakhala ku Area 25, analongedza katundu, nakhoma chitseko, nati adzaona zochita nayo nyumbayo mvula ikatha. Esinati anamulola kukhalabe kuseri.

Sabata yatha, m'mawa ndikuchapa, ndinamva munthu akugogoda pa chitseko chokhomacho. Anali mtsikana wonenepa bwino, khanda lili kumsana, maso ofiira ndi kulira. Anati dzina lake ndi Alinafe, wachokera ku Kawale, ndipo mayi wina kumsika wamuuza kuti kuno kuli agogo oona ana zala. Ndisanamuyankhe Esinati anatulukira kuseri ndi beseni, ndipo awiriwa anayang'anana. Alinafe ndi mkazi watsopano wa Lakisoni. Aliyense anamudziwa mnzake.

Anamasula mwana. Tizala tinali titatupa, ndipo pamwamba pake panali mphini zatsopano, zopakidwa zakuda. Ndinamufunsa ngati anamuyezapo magazi asanakwatiwe, ndipo anandiyang'ana modabwa, sanamvepo n'komwe. Apongozi ake akuti ndi tsempho. Anthu omwe aja anatola nyemba m'makapu ndi manja awo, omwe aja anamva zimene achipatala anapeza m'magazi a mwana wawo, akuti ndi tsempho, chifukwa kunena kuti ndi sikoselo n'kuvomera kuti Lakisoni ali momo kachiwiri. Ankhoswe awaitana kale kuti adzakhale pansi Loweruka, ndipo namkungwi apeza wina wa komweko.

Esinati anaika beseni pansi. Ndinkaganiza kuti amuseka, ndipo ndikanamumvetsa. Anagwira tizala tija, nakoka chikope, napapasa pansi pa nthiti. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi kajuzi kakale ka Tadala, namuveka mwanayo, nati tiyeni kuchipatala, njira ndikuidziwa. Mwanayo mwina athandizidwa. Koma pabwalo la ku Kawale Esinati sangaponde, anena kuti ndi nsanje. Ine ndikapita andifunsa kuti ndine ndani, ndinalangapo mwana wa yani. Dokotala nayenso safika m'mabwalo a anthu Loweruka masana.

Atafika pageti Alinafe anatembenuka.

"Nanga Loweruka ndikanene kuti chiyani, amayi? Akuti ndikapanda kuulula mwana afa."

Tonse awiri, ine ndi Esinati, tinapezeka tayang'ana khomo la a Nachisale. Pali loko watsopano wonyezimira. Makatani ndi otseka, pakhonde pachita fumbi, ndipo nkhuku za eni ake zayamba kugonapo masana popanda wozithamangitsa. Tinayang'ana nthawi yaitali ndithu, koma sipanatuluke munthu.